Kaligo: Chaka choyamba chikatha, wophunzira alowere kuti?

Kaligo ndi choimbira cha nsambo imodzi chomwe chimalira pochikwecha ndi kauta. Chimapangidwa ndi chibade cha mtengo wogoba, chikumba chokutira pakamwa pake ngati ng'oma, ndodo yomwe nsambo imatsatira, ndi chikhomo chokungira nsamboyo. Zida zofanana nacho zimapezekanso ku Uganda, komwe amati endingidi, ndi ku Kenya, komwe Aluo amati orutu.

M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey adajambula nyimbo za Achewa m'boma lomwe pa nthawiyo linkalembedwa kuti Kota Kota. Zomwe adajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, yomwe iye adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Lero oimba kaligo ndi owerengeka m'mphepete mwa nyanja, choncho wophunzira aliyense amene agwa ulesi pakatha chaka amachepetsa gulu lomwe ndi lochepa kale.

Muyeso wa chaka choyamba

Ambiri amayesa luso lawo powerenga nyimbo zomwe aloweza, koma muyeso weniweni ndi khutu. Kaligo alibe mizere yosonyeza poika chala monga gitala. Woimba amangokhudza nsambo ndi zala zake osaikanikiza pandodo, ndipo chala chikaphonya pang'ono liwu limasokonekera. Wophunzira adzifunse mafunso atatu. Kodi ndingakunge nsambo ndekha kuti igwirizane ndi mawu anga? Kodi kauta kanga kamatulutsa liwu losalala popita ndi pobwerera? Kodi ndingaimbe pakamwa manja akugwira ntchito? Ngati yankho limodzi ndi ayi, ntchito ya chaka chachiwiri yapezeka kale, ndipo nyimbo zatsopano zidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira zitatu

Yoyamba ndi kukhalabe pamapazi a katswiri wam'mudzi. Njirayi ndi yoyenera amene akufuna kuimba m'chikhalidwe cha makolo, pomwe kaligo amayankhana ndi mawu a woimba ngati anthu awiri akucheza. Luso limeneli sililembedwa. Limalowa poonerera ndi pomvetsera. Wophunzira apemphe chilolezo chojambula mphunzitsi wake pa foni, makamaka manja ake, ndipo asaiwale kumuthokoza ndi kangachepe.

Yachiwiri ndi kuimba ndi anzake. Amene amaimba yekha sazindikira kuti amathamanga kapena kutsalira. Ng'oma, chisekese kapena kwaya zimamuwongola msanga, ndipo zimamuphunzitsa nthawi yokhala chete. Vuto lake n'lakuti liwu la kaligo ndi laling'ono, motero pagulu lalikulu pamafunika maikolofoni.

Yachitatu ndi sukulu. Music Crossroads ku Lilongwe ndi University of Malawi ku Zomba ndi ena mwa malo omwe amaphunzitsa nyimbo mwadongosolo, kuphatikizapo kuwerenga manotsi. Amene akulakalaka vayolini adziwe kuti akukayamba chida china. Vayolini ili ndi nsambo zinayi, imagwiridwa pansi pa chibwano, ndipo zala zimakanikiza nsambo pathabwa. Khutu lomwe kaligo wasula lidzamuthandiza, koma dzanja lidzayambanso ngati la mwana. Nsambo zake ndi utomoni wa kauta n'zovutanso kupeza kunja kwa mizinda ikuluikulu.

Kusamala chida kunyanja

Njira iliyonse imene wasankha, woimba wa ku Nkhotakota amalimbana ndi chinyontho. M'nyengo ya dzinja chikumba chimalefuka ndipo liwu limagonthera. Kuchiwotha pang'ono padzuwa kapena patali ndi moto kumachikunganso, koma kutentha kwambiri kumaching'amba. Kauta kakayamba kuterereka kamafuna utomoni. N'chifukwa chake chaka chachiwiri ndi nthawi yabwino yophunzira kupanga kaligo wakewake, popeza si chida chogula m'sitolo.

Posankha

Funso lotsogolera likhale lakuti: ndikufuna kuimbira ndani? Wofuna kuimbira anthu a kwawo ayambe ndi katswiri wam'mudzi, wofuna siteji afune gulu, wofuna kudzaphunzitsa kapena kupeka nyimbo zolembedwa aganize za sukulu. Njirazi sizitsutsana, koma sizifanana changu chake. Sukulu idzapezekabe zaka zisanu zikubwerazi, pomwe nkhalamba yodziwa kaligo mwina sidzakhalapo. Amene ali ndi mphunzitsi wotere pafupi ayambire pamenepo.