Bwana Thomas MacDonald, Mkulu wa Miseu ya ku America

Bwana MacDonald anabadwa m'caka ca 1881, nakulira ku Iowa, kumene matope anali kuletsa alimi kupita ndi dzinthu zao kumsika. Atatsiriza maphunziro a umisiri m'caka ca 1904, anayamba nchito ya miseu komweko. M'caka ca 1919 Boma linawaika kukhala mkulu wa Bureau of Public Roads, ndipo anagwira udindowo zaka 34, pansi pa atsogoleri a dziko asanu ndi awiri. Iwo analimbikira kuti Boma lalikulu ndi maboma a zigawo azisonkherana ndalama, ndi kuti miseu ilumikizane, isamathere m'thengo. Anapuma nchito m'caka ca 1953, namwalira m'caka ca 1957, patangopita caka cimodzi cikhazikitsire lamulo lomangira miseu yaikulu ya Interstate, imene iwo anailambulira njira.