MASAMU A PA PHIRI LA KHONDOWE

Ana athu akabwera ku chuthi kucokera ku sukulu zazikuru, tiwamva alikudandaula za phunziro lina limene aphunzitsi alicha mechanics, ndilo phunziro la mphamvu ndi mayendedwe a zinthu. Ati mafunso ace ngouma. Mwala ukagwa kucokera pamwamba ufika pansi liti? Ngolo iri pacitunda ifuna mphamvu yotani kuti ikwere? Mwana aloweza malamulo pamtima monga aloweza nyimbo. Koma tsiku la mayeso funso likadza litabvala malaya ena salizindikira, nalephera, ndipo atate wace amene anagulitsa fodya kapena khofi kuti alipire sukulu angogwira njakata. Ena adzitonthoza nati, Izi nza ku Ulaya, kwathu kuno kulibe. Koma ziripo ndithu. M'boma la Rumphi muli phiri limene mafunso omwewa anayankhidwapo ndi makasu, mipope ndi mapewa a anthu, ndilo phiri la Khondowe, pamene pali Livingstonia.

Amishoni a ku Scotland anafika pa nyanja yathu m'caka ca 1875 ndi sitima yaing'ono dzina lace Ilala. Anayamba kukhala ku Cape Maclear, nasamukira ku Bandawe m'caka ca 1881, koma konseko malungo anawasautsa. Cifukwa cace m'caka ca 1894 Dotolo Robert Laws, pamodzi ndi kapitao wace Yuriah Chirwa, anafunafuna malo ozizira kumapiri, napeza Khondowe m'dziko la Aphoka. Masiku amenewo kunali kusanadziwike kuti malungo adza ndi udzudzu. Cimene anadziwa ncakuti kumtunda anthu sadwala monga kunyanja. Koma pothawa bvuto limodzi anapezana nalo lina. Malowo ali pamwamba pa nyanja ngati mamita 900, ndipo kanthu kali konse kotsika m'sitima, kungakhale kamsomali, kanayenera kukwezedwa mamita onsewo.

Poyamba panalibe njira ina koma mutu wa munthu. Amtengatenga anali kusenza katundu wa makilogalamu ngati 25, nakwera naye m'tinjira toongoka ndi phiri. Tsono anaganiza zolima mseu wa ngolo kucokera ku doko la Florence Bay, kumene lero ticha Chitimba; ndipo mseuwo, umene anthu aucha Gorodi, unatha ca m'ma 1905. Munthu wakuuyenda koyamba atopa nao mtima, pakuti phiri aliona liri pomwepa pamutu pace, koma mseu ulowera uku, nubwerera uko, nubwereranso, kukhota ka 20, kufikira utalika makilomita ngati 15. Kodi olimawo anasokera? Iai. Anatsata lamulo limene munthu wina wobadwira ku Bruges, dzina lace Simon Stevin, analisindikiza m'buku m'caka ca 1586. Ndilo lakuti, mphamvu yokokera katundu pacitunda icepa ndi kulemera kwa katunduyo monga momwe msinkhu wa citundaco ucepera ndi utali wa njira.

Tiliyese ndi manambala, pakuti pakamwa pokha silimveka. Tinene kuti ngolo pamodzi ndi za m'kati mwace ilemera makilogalamu 500, ndiko kulemera kwa akatundu a anthu 20. Mukafuna kuikweza paphompho ndi cingwe, mudzafuna mphamvu yonyamula 500 yense. Koma pa mseu wa mamita 15,000 wokwera mamita 900, mukayenda mamita 100 mwakwera 6 okha; kotero mphamvu yofunika ndiyo magawo 6 a pa 100 a kulemera kuja, ndiwo makilogalamu 30. Taonani, cimene cinafuna anthu 20 casanduka cokhoza ng'ombe ziwiri.

Koma asaganize wina kuti phiri lanyengedwa. Mukaculukitsa 500 ndi 900 mupeza 450,000. Mukaculukitsanso 30 ndi 15,000 mupeza 450,000 yemweyo. Nchito siinacepe ngakhale pang'ono. Cimene mwapulumutsa pa mphamvu mwalipira ndi mtunda. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale.

Munthu amene anayendetsapo ngolo adzatsutsa nati, 30 acepa. Anena zoona. Tasiya kukhulana kwa magudumu ndi nthaka, tasiya matope a dzinja, ndiponso mseu sukwera mofanana ponse. Pa mseu wa dothi zimenezi zikhoza kuwirikiza nambala ija. Koma tazisiya dala, ndipo apa ndipo ana ambiri aphunthwa. Wodziwa kuyankha funso lotere sathamangira lamulo. Ayamba wajambula ngoloyo pa sileti kapena pa mcenga, nadzifunsa, Nciani cirikuikoka, ndipo cirikuikokera kuti? Dziko liikokera pansi, mseu uicirikiza, ng'ombe ziikokera kumtunda. Atatero apatula zazikuru ndi zazing'ono, nawerengera zazikuru zokha; ndipo akapeza yankho abwerera nalo kumseu kukaona ngati nla nzeru. Mwana amene apeza kuti ngolo ya makilogalamu 500 ifuna mphamvu ya 3,000 pacitunda, nailemba osadabwa, sanalakwe masamu okha, waiwala ngolo.

Bvuto laciwiri linali madzi. Khondowe ndi malo athyathyathya a pamwamba ozingidwa ndi zigwa. Madzi abwino ocuruka ali m'mapiri oposa Khondowe msinkhu, koma pakati pali cigwa, ndipo ngalande siingaoloke cigwa. Munthu wacuma wa ku Scotland, Lord Overtoun, amene sukulu ya pamenepo inachedwa dzina lace, anapereka ndalama zogulira mipope ya citsulo. Anaiyala kutsika nayo m'cigwa, nakweranso nayo tsidya lina. Ndipo m'caka ca 1904 madzi anaturuka pa Khondowe, popanda makina owakankha.

Ali yense wodziwa mtsinje akadaseka pomva zimenezi zisanacitike, pakuti ndani anaona madzi alikukwera phiri? Koma madzi a mumtsinje ndi madzi otsekeredwa mumpope ali ndi makhalidwe awiri. Amisiri omanga nyumba lero ayesera maziko ndi kampope koonekera m'kati kodzaza madzi. Akakapinda motani, madzi a kunsonga kuno ndi a kunsonga uko aima pa msinkhu umodzi. Comweco madzi otsika ku phiri akankha anzao a m'cigwa, ndi a m'cigwa akankha a patsogolo, kufikira akwera pafupi ndi msinkhu wa kumene anacokera. Nditi pafupi, pakuti poyenda akhulana ndi mpope nataya mphamvu ina. Ndico cifukwa cace kasupe ayenera kuposa mudzi msinkhu. Ndipo funso limene wokonza nchito yotere sangalilumphe nili: Kodi mpope wa pansi pa cigwa udzapirira? Pa mamita 10 ali onse a kutsika, madzi aonjeza kukankha kwa kilogalamu imodzi pa kamalo kali konse kofanana ndi cikhadabo ca cala. Potsika mamita 100, kacikhadabo kali konse ka mpope kasenza makilogalamu 10 usiku ndi usana. Wolakwa samu iyi sabwezedwa pepala lace ndi inki yofiira. Mpope uphulika, ndi mudzi ugona ndi ludzu. Nzeru imeneyi njakale: mudzi wa Pergamo, umene tiuwerenga m'Cibvumbulutso, unalandira madzi ace pa phiri mwa njira yomweyi zaka zoposa 150 Kristu asanabadwe.

Pano tiime pang'ono. Madzi anafika mseu usanathe. Potero tizindikira kuti zitsulo zambiri za nchitoyi zinakwera phiri lija ndi mphamvu ya anthu. Mabuku asunga maina a opereka ndalama ndi a amishoni, koma a iwo amene anasenza, nakumba, naphwanya miyala ya Gorodi, sanalembedwe. Pa sileti 450,000 ndi nambala cabe. Pa mapewa ao inali thukuta ndi zipsera, ndipo nkoyenera kuti mwana wa ku Rumphi powerengera samu imeneyi adziwe kuti alikuwerengera nchito ya makolo ace.

Tsono tipite ku Manchewe, mathithi a pafupi ndi Livingstonia, amene kuseri kwace kuli mapanga m'mene Aphoka anali kubisala masiku a nkhondo. Madzi ace agwa mamita ngati 125. Kodi mwala wogwa pamenepo utenga nthawi yotani?

Kwa zaka pafupifupi 2,000 anthu ophunzira a ku Ulaya anatsata mau a Aristotle, amene anaphunzitsa kuti cinthu colemera cigwa msanga koposa copepuka monga mwa kulemera kwace. Amene anapasula ciphunzitso cimeneci ndiye Galileo wa ku Italy, amene anabadwa m'caka ca 1564. Bvuto lace linali lakuti mwala ugwa msanga, ndipo mawochi a masiku aja sanathe kuyesa kanthawi kakang'ono kotere. Tamvani cimene anacita. Anatenga thabwa lalitali, nasema kangalande m'menemo, nalitsamiritsa pang'ono, nakunkhuniza kampira ka mkuwa. Ndiko kunena kuti anaucitira mpirawo cimene Gorodi acitira ngolo, kugwa kwace kunatalikitsidwa kuti diso likuone. Nthawi anaiyesa ndi madzi odontha m'cotengera, nawayesa kulemera kwace. Ndipo anapeza cinthu cokongola, cimene anacisindikiza m'caka ca 1638: ngati m'kamphindi koyamba mpira uyenda muyeso umodzi, m'kaciwiri uyenda 3, m'kacitatu 5, m'kacinai 7, ndi kunka motero.

Mwala wogwa wokha uyenda mamita ngati 5 m'sekondi yoyamba. Tsono werengani nane: yoyamba 5, yaciwiri 15, yacitatu 25, yacinai 35, yacisanu 45. Mukaphatikiza zonse mupeza 125. Manchewe ndi masekondi 5! Kunena zoona, sindidziwa samu ina yokoma koposa iyi, pakuti nambala za Galileo zigwera pa mathithi athu ngati cibvundikiro pa mphika wace. Pofika pansi mwalawo uli ndi liwiro la mamita ngati 50 pa sekondi, ndiwo makilomita 180 pa ora. Cifukwa cace asayese munthu kuponya mwala pamenepo, pakuti pansi pali njira ya anthu, ndi m'mphepete mwa phompho muterera. Pano ponso tasiya kanthu dala, ndiwo mpweya, umene ucedwetsa mwala pang'ono, koma tsamba ulicedwetsa kwambiri. Ndiwo unasokeretsa Aristotle. Madzi a mathithiwo aumva mpweya koposa mwala, nasweka nasanduka nkhungu asanafike pansi. Kumene kulibe mpweya zonse zigwa pamodzi: m'caka ca 1971 David Scott, ataima pa mwezi, anataya nyundo ndi nthenga nthawi imodzi, ndipo zinafika pansi limodzi anthu a dziko lapansi alikupenya.

Galileo anamwalira m'caka ca 1642. Isaac Newton wa ku England ndiye anasonkhanitsa zonsezi m'malamulo atatu, m'buku lace la caka ca 1687, naonetsa kuti mphamvu yogwetsa mwala ndi yomweyo igwira mwezi kuti usacoke m'njira yace. Malamulo amenewa ndiwo ana athu alimbana nao lero.

Madzi a mtsinje wa Manchewe anagwiranso nchito ina, pakuti m'caka ca 1905 anayamba kuzungulitsa makina opanga magetsi, ndipo Livingstonia inaunikidwa masiku amene midzi yambiri ya ku Ulaya inali kuyatsabe nyali za mafuta. Samu yace ndi ya ngolo ija yomwe, koma yotembenuzidwa: kulemera kuculukitsa ndi msinkhu. Wamtengatenga pokweza katundu alipira mphamvu. Madzi potsika aibweza. Malita 10 a madzi alemera makilogalamu 10, ndipo akagwa mamita 100 sekondi iri yonse apereka mphamvu yokwanira kuyatsa mababu pafupifupi 100 a mawati 100, tisanacotsepo yotayika m'makina.

Pa sukulu ya Overtoun anyamata anaphunzira ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kusamala makina, pamodzi ndi uphunzitsi. Ndipo anali nao mwai wakuti mpope, mseu ndi magetsi zinali pakhomo pao, zogwirika ndi manja. Dotolo Laws anakhumba kuti pamenepo padzakhale yunivesite, koma anacoka m'caka ca 1927 asanaione, namwalira m'caka ca 1934. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa m'caka ca 2003.

Wophunzira wokwera galimoto ku Chitimba kunka kumeneko akumana nao malamulo onsewa asanafike m'kalasi. Pokhota pali ponse thupi lace likankhikira kumbali, pakuti cinthu coyenda cifuna kupitirira molunjika kufikira cina cicipatutsa, ndilo lamulo loyamba la Newton. Ndipo pa Gorodi molunjika ndi kuphompho. Woyendetsa acepetsa liwiro, naika giya wamphamvu, kuti injini izungulire kambiri ndi magudumu pang'ono. Galimoto ibuula, niyenda ngati munthu wa pansi, nikwera.