Inhambane ndi gombe la Tofo

Inhambane ndi tawuni yakale ya kumwera kwa Mozambique, pamtunda wa makilomita oposa 450 kuchokera ku Maputo. Inamangidwa pomwe nyanja yamchere inalowa m'kati mwa dziko n'kupanga dziwe lalikulu lamadzi abata, ndipo tsidya lina la madziwo kuli tawuni ya Maxixe, pamsewu waukulu wa EN1. Gombe la Tofo, lomwe alendo ambiri amadzera, lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 22 chakum'mawa. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka kumadzaza galimoto za manambala a ku South Africa. Mwa obwerawo mumakhala eni dzikolo komanso anthu a mayiko ena ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Pretoria, omwe amangofuna masiku ochepa oti apumeko.

Eni nthaka a derali ndi Abitonga, olankhula Chigitonga, ndipo anansi awo ndi Atswa ndi Achopi. Malonda apanyanja anafika kuno kalekale. Ku Chibuene, pafupi ndi Vilankulo, ofukula zakale anapeza mikanda yagalasi ndi mapale a mbiya zochokera kutsidya kwa nyanja, za zaka zoposa 1,000 zapitazo. Amalonda achisilamu ankatsika ndi mphepo ya nyengo m'zombo zamatanga, atanyamula nsalu ndi mikanda, n'kubwerera ndi minyanga ya njovu mphepo ikatembenuka. Zombo zotere, zofanana ndi zija za a Jumbe ku Nkhotakota, zikuwolotsabe anthu pakati pa Maxixe ndi Inhambane mpaka lero, pambali pa maboti a injini.

Apwitikizi anadutsa m'gombe limeneli mu Januwale 1498, paulendo wa Vasco da Gama wopita ku India. Anthu omwe anakumana nawo anawalandira bwino, motero dzikolo analitcha Terra da Boa Gente, dziko la anthu abwino. Olemba mbiri ambiri amati malo omwe zombozo zinaima ali kumwera kwa tawuni ya lero, koma dzinalo linakakamira pa Inhambane ndipo eni ake amanyadira nalo. Mu 1560 wansembe wa chipani cha Ajezuwiti, Gonçalo da Silveira, anatsikira pano n'kukabatiza mfumu ina ya kumtunda, asanapitirire kwa Mwenemutapa komwe anaphedwa chaka chotsatira. Komabe Apwitikizi anadzakhazikika penipeni patapita zaka zambiri, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1720, poopa kuti Adatchi angawalande malondawo.

Chomwe chinalemeretsa dokoli pambuyo pake chinali malonda ogulitsa anthu. Akapolo ankakwezedwa m'zombo kupita ku zilumba za Mauritius ndi Réunion kukalima nzimbe, ena mpaka ku Brazil, komwe ankadziwika ndi dzina la doko lomwe anachokera. Boma la Portugal linaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri. Nthawi yomweyo kunali nkhondo za Angoni a Soshangane, mwini ufumu wa Gaza, amene mu 1834 anagonjetsa asilikali a ku Inhambane n'kupha mkulu wawo. Za m'nyengo imeneyo zomwe mlendo angaone lero ndi tchalitchi chakale cha Nossa Senhora da Conceição, chokhala ndi nsanja ya wotchi, ndi mzikiti wakale wa mu 1840. Ziwirizi zili pafupi ndi madzi ndipo sizitalikirana.

Ukapolo utatha, Inhambane sanaleke kutumiza anthu. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, chigawo chino chinakhala chimodzi mwa zigawo zomwe migodi inkadalira kwambiri. Bungwe la Wenela, lomwenso linkalemba amuna a ku Nyasaland opita ku Joni, linatsegula misasa yolembera anthu m'madera ambiri. Mnyamata ankasankha pakati pa zinthu ziwiri zowawa: kulowa pansi pa nthaka kudziko la eni, kapena kugwidwa chibalo kwawo konko, ntchito yokakamiza yomwe Amalawi angaimve msanga akakumbukira thangata. Ambiri ankasankha mgodi chifukwa kumeneko kunali ndalama ya msonkho ndi ya malowolo. Boma la atsamunda nalo linkapindula, popeza mwa pangano la 1928 gawo la malipiro a anthuwo linkasungidwa kuti akalandirire kwawo, ndipo m'kupita kwa zaka migodi inkapereka gawolo ku bomalo ngati golide. Obwerera, omwe ankatchedwa magaiza, ankafika ndi masutikesi, mabulangete, makina osokera ndi njinga. Ena ankafika ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi chomwe sichinkapola. Minda ya kokonati, mbibu ndi manachesi, yomwe mlendo amaiona m'mbali mwa msewu, kawirikawiri ankaisamala amayi otsala pakhomo. Msewu womwe opita kutchuthi amayendamo lero kudzera pachipata cha Ressano Garcia ndi njira yomweyo ya amigodi.

Inhambane analandira ulemu wokhala mzinda pa 12 Ogasiti 1956, ndipo m'zaka zotsatira Tofo anayamba kudziwika ngati malo opumulirako Apwitikizi ndi azungu a ku South Africa ndi Rhodesia. N'zochititsa chidwi kuti pagombe lomweli ndi pomwe komiti yaikulu ya Frelimo inakumana mu Juni 1975 n'kuvomereza malamulo oyamba oyendetsera dziko, kutangotsala masiku ochepa kuti ufulu ulengezedwe pa 25 Juni.

Nkhondo yapachiweniweni inatseka zonse. Kuyenda pa EN1 kunali kuika moyo pachiswe, ndipo mu Julayi 1987 ku Homoíne, m'chigawo chomwechi, anthu oposa 400 anaphedwa tsiku limodzi. Alendo anayambanso kubwera pambuyo pa pangano la mtendere lomwe linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, makamaka tsankho litatha ku South Africa mu 1994.

Chomwe chinatchukitsa Tofo ulendo uno ndi zam'madzi. Kumapezeka nsomba yaikulu kuposa zonse padziko lapansi, ya mtundu wa shaki koma yofatsa, yomwe imadya tizilombo ting'onoting'ono. Kumapezekanso nsomba zophwatalala zotchedwa manta, zosambira ngati zikuuluka. Kafukufuku wa Andrea Marshall, yemwe anagwira ntchito pagombeli, anathandiza kuonetsa mu 2009 kuti manta alipo mitundu iwiri. Anamgumi nawo amadutsa pakati pa Juni ndi Okutobala. Pamsika amayi amagulitsa nkhanu, nsomba ndi matapa, ndiwo ya chigwada chosinja chophikidwa ndi nsinjiro ndi madzi ofinya a kokonati.

Phindu la alendowa silifika kwa onse mofanana. Malo ogona ambiri a m'mphepete mwa nyanja ndi a anthu akunja kapena a ku Maputo, pomwe ana a asodzi amapeza ntchito yophika, yolondera ndi yoyendetsa maboti, yomwe imachepa tchuthi chikatha. Gombeli lilinso panjira ya anamondwe: Dineo anasasula madenga ambirimbiri mu Febuluwale 2017, ndipo Freddy anagwera m'chigawochi, cha ku Vilankulo, mu Febuluwale 2023, asanabwerere panyanja n'kudzawononga kumwera kwa Malawi mwezi wotsatira.