Manda Opanda Mtembo ndi Kachisi Wopanda Dzina ku Kochi

Anzanga amene tinakhalira limodzi pa mabenchi a Fomu 2, ndikhulupirira mukukumbukira momwe tinkalowezera dzina la Vasco da Gama ndi chaka cha 1498 poopa mayeso. Ine ndinkayesa kuti nkhaniyo inathera m'kope. Koma ntchito itanditengera ku India kukachita maphunziro a milungu ingapo, ndinapeza mpata wokayenda ku Fort Kochi, dera lakale la mzinda wa doko wa Kochi, umene Angerezi ankautcha Cochin, m'chigawo cha Kerala.

Chimene chinakokera Azungu kumeneko ndi tsabola wakuda. Da Gama anaima pa chilumba cha Mozambique ndi ku Malindi asanafike ku Calicut mu 1498. Apwitikizi sanamvane ndi mfumu ya ku Calicut, koma mfumu ya ku Kochi, imene inali pa udani ndi mnzakeyo, inawalandira ndi manja awiri, ndipo mu 1503 inawalola kumanga linga. Tchalitchi cha St Francis chinayambika nthawi yomweyo ndipo chidakalipo. Da Gama atabwera ulendo wachitatu mu 1524 anadwala, namwalira pa 24 Disembala, naikidwa m'tchalitchimo. Patapita zaka 14 mafupa ake anawatengera kwawo ku Portugal. Tsono alendo amene amaunjikana pamenepo ndi makamera amajambula manda opanda kanthu. Inenso, kunena zoona, ndinajambula nawo.

Adatchi analanda mzindawo mu 1663, Angerezi nawonso anawulanda mu 1795. Aliyense anasiya chizindikiro chake: manda a Adatchi a mu 1724, nyumba za makhonde aatali, ndipo cha ku Mattancherry kuli nyumba yachifumu imene Apwitikizi anamangira mfumu ya ku Kochi. Pafupi pake pali sunagoge wa Ayuda wa mu 1568. Zonsezi n'zosamalidwa bwino, ndipo otsogolera alendo amazilakatula ngati mwana wa sukulu.

Chimene chinandigwira mtima sichinali pa mapu amene anandipatsa. M'kanjira kena ka ku Mattancherry muli kachisi wamng'ono, kamphako chabe m'khoma, mopanda fano kapena mtanda, makoma ake akuda ndi mwaye wa makandulo. Eni dera amati ndi malo a Kappiri Muthappan. Muthappan ndiye kuti agogo. Kappiri ndi dzina limene ankaitanira akapolo akuda amene Apwitikizi ankabwera nawo kuchokera ku magombe a Afrika. Mawuwa anachokera ku Chiarabu, ndipo ndi omwe aja amene abale athu opita ku Joni ankatukwanidwa nawo m'migodi.

Anthu a kumeneko amasimba kuti Adatchi atayandikira mu 1663, Apwitikizi olemera anakwirira chuma chawo, napha akapolo awo ndi kuwamatira m'makoma kapena pansi pa mitengo, kuti mizimu yawo ilondere chumacho mpaka eni ake adzabwere. Eni akewo sanabwerere. Imeneyi ndi mbiri ya pakamwa, koma zoti Aafrika anagwira ukapolo m'madoko a Apwitikizi ku India n'zolembedwa. Chodabwitsa n'chakuti mizimuyi saiyesa yoipa ayi. Amati imalondolera wosokera usiku ndi kuteteza mudzi, ndipo anthu a zipembedzo zosiyanasiyana amaisiyira makandulo, ndudu ndi uchema, monga momwe makolo athu ankathirira nsembe patsinde pa mtengo.

Bwana uja wa m'kope mwathu ali ndi mwala, mpanda ndi chikwangwani, chonsecho mtembo wake palibe. Awa amene mafupa awo anatsalira m'dothi lomwelo alibe ngakhale dzina limodzi lolembedwa pakhoma. Za iwowa sitinaphunzire, ndipo mayeso sanatifunse. Ndinaima pamenepo kanthawi, tayi ili m'khosi, thukuta lili kamukamu. Mayi wina wachikulire atandiyang'anitsitsa anandipatsa kandulo mmodzi mwa awiri amene ananyamula, ndipo ndinayatsa.