Chakudya chamafuta ambiri ndi chiwindi cha mbewa

Pofuna kumvetsa matenda a shuga ndi kunenepa kwambiri, asayansi amadyetsa mbewa ndi makoswe a mu labotale chakudya chochuluka mafuta, nthawi zambiri a nkhumba. Pa magawo 100 a mphamvu za m'chakudyacho, 45 kapena 60 amachokera ku mafuta, pomwe chakudya chofanizira chimakhala ndi 10 okha.

Mbewa yotchuka pa ntchitoyi ndi yakuda yotchedwa C57BL/6J. Mu 1988 Richard Surwit ndi anzake anaonetsa kuti ikadya motere imanenepa, ndipo shuga amakwera m'magazi.

Chiwindi ndicho chimavutika msanga. Timadontho ta mafuta timadzaza m'maselo ake, chimayezuka, chimakula, ndipo chimaleka kumvera insulini, timadzi tothandiza kuchepetsa shuga m'magazi. Motero chimangotulutsabe shuga ngakhale mbewayo itakhuta. Mbewa zazimuna zimadwala kwambiri kuposa zazikazi.

Komabe mafuta paokha sachititsa zipsera zambiri m'chiwindi cha mbewa monga zimene zimapezeka mwa anthu odwala kwambiri, n'chifukwa chake ofufuza amawonjezera m'chakudyacho shuga wotchedwa fulakitosi ndi kolesterolo. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa mankhwala ambiri omwe anachiritsa mbewa alephera atayesedwa pa anthu.