Amene Analangiza Namwali

Pa Chinyanja pali liu limodzi limene lasenza mbiri yaitali, ndilo "namwali". Makolo athu ponena liuli anali kutanthauza mtsikana amene watha msinkhu. Koma m'Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1922, liu lomweli limanenanso mkazi wosadziwa mwamuna. Tiyeni tione m'mene matanthauzo awiriwa anakomanirana, ndiponso amene anali kuumba mitima ya ana.

Kale pakati pa Achewa, mai ndi bambo sanali kukamba za chinsinsi ndi mwana wobala okha, pakuti kutero kunali kochititsa manyazi. Mtsikana akasinkhuka anali kugona kukuka kwa agogo ake pamodzi ndi anzake, ndipo anyamata anali kugona kumphala. Kumeneko ndiko mwana anayambira kumva za ukwati, zina kwa agogo, zina kwa anzake omposa msinkhu.

Tsiku lakutha msinkhu litafika, mtsikana anaperekedwa kwa anamkungwi. Iwo anamlangiza mutsimba za ulemu, za kudzisamala ndi za mdulo, phungu wake ali pambali. Chimene mbumba inaopa koposa ndicho kuti mwana atenge pathupi asanavinidwe, chifukwa manyazi ake anagwera mtsibweni ndi mudzi wonse. Komabe si zonse zinali zabwino. M'midzi ina munali mwambo wa fisi, ndiye mwamuna wolowetsedwa usiku kwa namwali wongovinidwa kumene, mwanayo osafunsidwa.

Angoni, amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, anadza ndi mwambo wina. Iwo anali kukwatira polowola ndi ng'ombe, ndipo kudzisunga kwa mtsikana kunali ulemu wa atate ake ndi banja lonse.

M'chaka cha 1889 amishoni a Dutch Reformed anakhazikika pa Mvera. Iwo analetsa Akristu kupita kuchinamwali, naphunzitsa kuti mnyamata ndi mtsikana yemwe adzisunge kufikira ukwati. Koma kuletsa kokha sikunathandize. Ana a Akristu anatsala opanda wowalangiza, ndipo anzao ovinidwa anali kuwaseka kuti ndi ana osadziwa kanthu. Ena anathawira kuchinamwali mobisa. Poona ichi mpingo unayambitsa chilangizo, nusankha amai okhwima kuti akhale alangizi.

Pambuyo pake sukulu zogonera komweko ndi nchito za m'tauni zinachotsa ana ambiri pafupi ndi agogo ao. Pamenepo mau a anzao anakula mphamvu. Matenda a Edzi, amene anapezeka m'Malawi m'chaka cha 1985, anaonetsa poyera kuopsa kwa fisi ndi kwa malangizo onama a m'njira. M'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo ku Dedza Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati ambiri a ana ndi kuwabwezera kusukulu.

Tsono, awerengi, mbiri imeneyi itiphunzitsa chiani? Palibe mbadwo umene mwana anakula wosalangizidwa. Akulu akakhala chete, anzake ndiwo amalankhula, ndipo mwana amagwira mau amene wayamba kumva. Kuka ndi mphala zatha m'midzi yambiri, koma mwana wanu akali kufuna munthu woti amfunse mopanda mantha. Kodi m'banja mwanu munthuyo ndani?