Matabwa a paini pa ntchito yomanga m'boma la Rumphi

Ku Mlowe m'boma la Rumphi, pafupi ndi pamene mtsinje wa South Rukuru umathira m'Nyanja ya Malawi, nyumba yamalata imamangidwa monga m'madera ambiri a dziko lino: makoma a njerwa zootcha, matabwa n'kungogwira denga, zitseko ndi mawindo. Njerwazo zimadya nkhuni zambiri pa uvuni, kawirikawiri za mitengo yachilengedwe. N'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Simenti, imene yalowa m'malo mwake, nayo ili ndi vuto: mafakitale ake amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Koma mtengo umayamwa mpweyawo ukamakula, ndipo thabwa limausunga nthawi yonse imene nyumba ili chiimire.

Matabwa ambiri a m'chigawo cha kumpoto amachokera ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya ya mahekitala pafupifupi 53,000, yambiri ya paini wa mtundu wa Pinus patula. Kudzala kwakukulu kunayamba mu 1964 ndi cholinga chopezera mitengo fakitale ya mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe, mitengo n'kusanduka ya macheka. Kampani ya Raiply inapatsidwa mahekitala 20,000 mu 1999. Mbali yaikulu ya nkhalangoyi inatha ndi moto wolusa komanso kucheka kosadzala ina, matabwa akutuluka pa malole kupita mpaka maiko a kum'mawa kwa Africa.

M'boma la Rumphi lomweli muli chitsanzo cha nyumba za mitengo yokhayokha: nyumba zogona alendo za Chelinda Lodge pa Nyika, zomangidwa ndi zipika za paini, pafupi ndi nkhalango yodzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Koma ku Chelinda n'kozizira. Kunyanja kumatentha, ndipo chiswe sichichedwa kulowa m'paini wosathira mankhwala, makamaka wocheka akadali wamng'ono ndi kukhomedwa wosauma. Thabwa loti likhalitse kumeneko liyenera kuumitsidwa, kulowetsedwa mankhwala ndi makina (kungopaka pamwamba sikukwanira), ndi kukhazikidwa pa maziko amiyala kuti lisakhudze dothi. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene chiswe chimaukana, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'phirimo.